Za maso a amayi ndi laser ya ku Joni

Lero za mtengo wa feteleza ndi mbozi za m'chimanga tiziike kaye pambali. Dzulo madzulo pochokera kudimba ndinapeza amayi atakhala pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha nyemba za mbewu, kuchotsa zofumbwa ndi timiyala, okhaokha. Ndinaima n'kumangowayang'ana. Zaka zitatu zapitazo mayi omwewa sankatha kusiyanitsa mwana wawo ndi tsinde la mango. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pali cholakwa chimene ine ndi achimwene anga tinachita, ndipo sindikufuna kuti wina achibwereze.

Zinayamba pang'onopang'ono. Amayi ankadandaula kuti kunja kuli nkhungu, pomwe kuli ngwee, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Kenako anasiya kulowetsa ulusi pasingano. Kenako popalira anayamba kudula chimanga n'kusiya udzu. Tikawayang'ana m'maso, pa mwana wa diso paja, pamene pamakhala pakuda, panayamba kutuwa mpaka kuyera ngati mkaka. Aliyense m'mudzi anati imeneyo ndi ng'ala, ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake. Wina anabweretsa masamba oti tifinyire m'maso. Amayi anachezera kubuula, maso ali psuu. Chonde zimenezo musamayese. Ng'ala imakhala m'kati mwa diso, madzi a masamba safikako, amangowotcha pamwamba.

Alangizi a zaumoyo a kuno kwathu anatiuza msanga kuti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anali atamva kuti kuchipatala amakolowola diso n'kuliika pambale, ena akuti amakuikira la mbuzi. Ine ndikanawanyengerera, mwina akanalola. Koma sabata yomweyo achimwene anga amene ali ku Joni anaimba pa WhatsApp. Anati, "Iwe, amayi asakhudzidwe ndi mpeni. Kuno kuli makina a laser, amangowalitsa kuwala m'diso, ng'ala n'kusungunuka yokha. Dikirani ndisonkhanitse ndalama ndidzawatenge."

Amayi, amene ankamvetsera chapatali, anadzidzimuka. "Lezala? Mukufuna mundicheke m'maso ndi lezala, ana inu?" Tinaseka mpaka misozi. Tinawauza kuti si lezala ayi, ndi laser, kuwala chabe, kopanda mpeni. Basi anagwira mawu amenewo. Ine ndinawagwiranso, ndipo ndisanene bodza, ndinkanyadira. Pamaliro, pachigayo, ndinkauza anthu kuti amayi athu adzapita ku Joni kukachitidwa ndi makina amakono.

Tinadikira. Pasipoti inafuna ndalama. Basi inafuna ndalama. Ntchito ya achimwene inatha, anakhala miyezi ingapo akungogwira maganyu. Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso, tinakololanso. Zaka ziwiri zathunthu. Zimene sindinkawerengera ndi izi: munthu akasiya kuona, samasiya yekha. Munda wa amayi unagona. Mayi a kunyumba kwanga anachepetsa zopita kudimba kuti aziwaphikira ndi kuwasambitsa. Choipa kwambiri, mwana wanga wamkazi, amene anali Sitandade 5, ndiye anasanduka ndodo ya agogo ake: kuwaperekeza kuchimbudzi, kutchalitchi, kuwasuntha dzuwa likafika pamkeka. Anajomba masiku ambiri mpaka anabwereza kalasi. Ine bambo wake ndinkaona zonsezi n'kumati ndi za kanthawi, laser ikubwera.

Tsiku lina m'mawa amayi anafuna kudzitengera okha madzi otentha osadzutsa mdzukulu. Anaponda pamakala. Ndinawakweza pakabaza mpaka kuchipatala chaching'ono cha kuno kuti akatsuke bala. Mwamwayi tsiku limenelo kunabwera a zamaso ochokera kuchipatala chachikulu, akuyeza anthu. Adokotala wina anawaunika amayi ndi katochi, kumanzere, kumanja, pamwamba, pansi, ndipo amayi ankaloza bwinobwino kumene kuwala kukuchokera. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa, "Bambo, nthawi yonseyi mumadikira chiyani?" Ndinayankha modzitama kuti tikudikira laser. Sanandiseke. Anatenga kapepala n'kujambula diso.

Zimene anandiphunzitsa, pamodzi ndi zimene ndadzawerenga pambuyo pake, ndi izi. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachilengedwe, kokhala m'kathumba kopyapyala kwambiri. Munthu akamakula kagalasi kaja kamachita mbuu, ndiyo ng'alayo. Palibe mankhwala odontheza kapena kuwala kumene kungakayeretsenso. Kayenera kutuluka basi, n'kuikapo kena kapulasitiki m'kathumba komweko. Diso silichotsedwa, limakhala pamalo pake. Kagalasi kapulasitiki aka si kachilendonso: dokotala wa ku London dzina lake Harold Ridley ndiye anayamba kukaika m'diso la munthu mu 1949.

Njira zotulutsira ng'ala zilipo zingapo. Ina dokotala amacheka pang'ono m'mbali mwa diso n'kuitulutsa yathunthu, ndipo balalo nthawi zambiri limatsekeka lokha popanda kusoka. Imeneyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno kwathu, ku India ndi ku Nepal. Ina amalowetsa kachitsulo konjenjemera kamene kamaphwanya ng'ala n'kuiyamwa, njira imene Charles Kelman wa ku America anayambitsa mu 1967. Nanga laser ya achimwene ija? Ilipodi, si bodza. Dokotala wa ku Budapest, Zoltán Nagy, ndiye anayamba kuigwiritsa ntchito pa ng'ala ya munthu mu 2008. Koma ntchito yake ndi kuthandizira chabe. Imacheka timabala tolowera, imaboola kathumba kaja mozungulira bwino ngati wachita kulemba ndi kampasi, n'kugawa ng'ala m'tizidutswa. Ikatero dokotala amalowabe ndi zitsulo zake, kuyamwa tizidutswato n'kuika kagalasi katsopano ndi manja. Ng'ala sisungunuka yokha ayi.

Apa ndinafunsa kuti, komabe ochitidwa ndi laser amaona bwino kuposa anzawo, eti? Ku France ndi ku Britain anachita kafukufuku pa anthu mazanamazana, ena ndi laser, ena ndi kachitsulo konjenjemera kaja popanda laser, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Anapeza kuti magulu awiriwa ankaona chimodzimodzi. Chimene chinasiyana kwambiri ndi mtengo, chifukwa makina a laser ndi odula zedi kugula ndi kusamalira. Adokotala aja anawonjezanso kuti ng'ala yokhwima, yoyera mbee ngati ya amayi, kuwala kwa laser kumavutika kuidutsa, pomwe njira ya manja ija ndiyo imaiyenera bwino. Ndiye kuti zaka ziwiri zimene tinkadikira makina, ng'ala inkangokhwimira kumbali imene makinawo sathandiza kwenikweni.

Ndinachita manyazi, abale. Ine mlimi ndimadziwa kuti mvula yoyamba ikagwa sudikira thirakitala imene wina walonjeza. Umatenga khasu n'kubzala. Thirakitala ndi yabwino, ndikanaikonda, koma chimanga sichifunsa kuti mzere anaunga ndani. Pa munda ndimazidziwa zimenezi, koma pa maso a mayi anga ondibereka ndinakhala Zengerezu uja analinda kwawukwawu.

Kuwauza achimwene kunali kovuta. Anakwiya, anati ndikufuna kuwachititsa amayi zotchipa. Sindiwaimba mlandu. Munthu amene ali kutali amafuna achite chinthu chachikulu choti chilowe m'malo mwa kusowa kwake pakhomo. Ndinangowauza kuti, "Achimwene, phazi la amayi lapsa, mwana wabwereza kalasi. Ndalama mwasungazo tumizani zikhale za thiransipoti ndi kamba." Anakhala chete nthawi yaitali pafoni, kenako anati chabwino.

Bala la phazi litapola tinapita. Amayi sanawagoneke tulo, anangowabaya jakisoni wochititsa dzanzi pafupi ndi diso. Sipanathe ngakhale ola, anatuluka atamatidwa diso limodzi, akudandaula njala osati ululu. M'mawa mwake namwino anamatula. Amayi anaphethiraphethira, anayang'ana khoma, anayang'ana chitenje chawo, kenako anandiyang'ana ine. Mawu oyamba anali akuti, "Iwe, imvi zonsezi zayamba liti?" Wodi yonse inaseka. Ine ndinatuluka panja, ndinakalira kuseri kwa thanki ya madzi. Diso lachiwiri anawachita patapita miyezi ingapo. Chovuta chinali kuwaletsa kuwerama pamoto, kupeta ndi kutikita m'maso masabata oyambirira, komanso kuwadontheza mankhwala pa nthawi yake. Ntchito ya mankhwalayo anaigwira mdzukulu yemwe uja, koma tsopano asanapite kusukulu ndi akaweruka.

Nkhani ya laser sinathere pomwepo. Chaka chino amayi anayambanso kunena za nkhungu m'diso lamanzere. Mtima wanga unagwa, ndinati ng'ala yabwerera. Ulendo uno sindinadikire ngakhale sabata. Kuchipatala anatiuza kuti ng'ala ikachotsedwa sibwerera. Chimene chimachitika mwa anthu ena n'choti kathumba kosunga kagalasi kaja kamachita mbuu kumbuyo kwake pakapita miyezi kapena zaka. Mankhwala ake? Laser! Koma ya mtundu wina, amaitcha YAG. Amayi anakhala pampando, chibwano pakachitsulo, makina n'kumalira tiki tiki kwa mphindi zochepa, akuboola kazenera pakathumbako. Panalibe kucheka, panalibe kugona m'chipatala. Potuluka anandikoka malaya n'kunong'ona, "Lezala la mkulu wako lija ndi limeneli? Zaka zonse zija timadikira kameneka?" Ndinawafotokozera kuti iyi ndi ina, koma iwo mpaka lero amauza anzawo kuti anachitidwa ndi lezala la ku Joni.

Ndiye sindikunyoza makina, ayi. Laser ili ndi malo ake, ndipo tsiku lina ikadzatsika mtengo mwina idzafala kuno. Koma ngati pakhomo panu pali agogo amene akupapasa khoma, musadikire za kunja. Opaleshoni ya ng'ala imachitika konkuno: ku Nkhoma, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Queens ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Yambani ndi alangizi a zaumoyo kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, akuuzani tsiku limene a zamaso amabwera. Dziwaninso kuti si khungu lonse limene ndi ng'ala. Pali matenda ena monga glaucoma, komanso kuwonongeka kwa maso chifukwa cha shuga, amene akadya diso kuona sikubwereranso, n'chifukwa chake kuyezetsa msanga kuli kofunika.

Mwana wanga tsopano ali Sitandade 7, anzake amene anayamba nawo ali patsogolo ndi chaka chimodzi. Chaka chimenecho palibe dokotala angachibweze, ndipo amene anachitaya ndine. Nyemba zimene amayi amasankha dzulo tibzala mvula ikangokhazikika, m'munda wawo womwe uja unagona. Akuti mizere yanga ndi yokhota, adzayang'anira okha.

Tsalani bwino, abale. Moni kwa agogo onse kumeneko.