Za Kukonza Nyumba ndi Pabwalo Chisanu Chisanafike



Ife a kuno ku mapiri a Dedza chisanu tichidziwa monga munthu adziwa mlendo wa chaka ndi chaka. Mvula ikaleka m'mwezi wa Epulo, masamba a chimanga akayamba kuuma, ndi mame a m'mawa akayamba kuluma zala za kumapazi, akulu amati: Wayandikira uja. Boma la Dedza likhala pamtunda wa mamita ngati 1,600 kuyesa kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri lache lipitirira mamita 2,000. Chifukwa chache kuzizira kwa Juni ndi Julai kufika kuno ndi ukali umene anzathu a ku Salima ndi ku Chikwawa saudziwa. Komatu nao a kwina ali ndi gawo lao. A kunyanja ali ndi mwera, mphepo ija iutsa mafunde ndi kugubuduza mabwato. A ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre ali ndi chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza, imene inatenga dzina lache ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chotero mau awa ali a ife tonse.

M'miyezi imeneyi dzuwa lipendekera kumpoto, usana ufupika, usiku nutalika. Usiku wautali koposa ndiwo wa pa 21 Juni kapena pafupi pomwepo. Thambo likakhala loyera, lopanda mitambo, kufunda kumene nthaka inamwa masana kuthawira kumwamba, monga mphika wosavundikira uzirala msanga. Ndicho chifukwa chache usiku wa nyenyezi zambiri ndiwo wozizira koposa, makamaka m'bandakucha. Ndiponso mpweya wozizira ndi wolemera: utsetsereka kuchokera kumtunda nukakhala m'madambo ndi m'zigwa. Wodziwa izi adziwanso kumene ayenera kuyamba nchito.

Ife tiyamba ndi makoma. Mvula ya dzinja imadya dothi la patsinde pa nyumba nisiya ming'alu, ndipo mng'alu woti chala chilowe ukwanira kuziziritsa banja lonse. Tsono m'mwezi wa Mei, madzi akali pafupi m'zithaphwi, amuna aponda dothi namata makoma, ndipo amai azira pansi ndi pakhonde. Kuzira sikukometsa nyumba kokha ai. Pansi posalala ndi khoma lopanda ming'alu zimana malo nsikidzi, utitiri ndi matekenya, amene achuluka m'fumbi la nyengo youma. Tikatha makoma tiyang'ana chitseko, ngati mpata wa kunsi kwache wakula, ndi mazenera ngati atsekeka bwino. Denga la udzu lisunga kufunda, koma la malata lizizira msanga dzuwa likalowa, ndipo m'mawa lidontha madzi ngati thukuta. Eni malata achita bwino kuyala mphasa kapena bango kunsi kwa denga, pamwamba pa chipinda chogona ana. Pogona napo pasakhale pa dothi penipeni: mphasa ziwiri, kapena udzu wouma kunsi kwa mkeka, zithandiza gombeza limodzi kuchita nchito ya awiri.

Koma pano tcherani khutu, abale, pakuti m'nchito yabwino yomweyi mwabisala msampha. Nyumba yomata bwino iletsa mphepo kulowa, koma iletsanso mpweya woipa kutuluka. Makala akamayaka m'chipinda chotseka atulutsa mpweya umene a chipatala autcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe maonekedwe, suyabwa m'maso monga utsi wa nkhuni. Ukalowa m'chifuwa ugwirana ndi magazi mwamphamvu koposa ka 200 kupambana mpweya wabwino umene tikhalira nao moyo, kotero kuti magazi ayenda m'thupi osanyamula kanthu. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo tokoma. Ndipo amene ali m'tulo kale sadzuka konse. Akale anati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani iyi mau ao akwanira ndithu.

Sitinena zakumva chabe. Chaka china, m'mudzi woyandikana ndi wathu, anyamata atatu a m'gowelo analowetsa mbaula usiku wa Julai, natseka chitseko, natsekanso zenera ndi chiguduli. Dzuwa litakwera mai wina anadabwa kuti mbuzi zikali m'khola, nakagogoda, osayankhidwa. Anthu anathyola chitseko nawatulutsa. Awiri anatsitsimuka ku chipatala. Wachitatu tinakamuika m'manda, mnyamata wamphamvu amene dzulo lache anali kusenza mitolo ya udzu. Kuyambira pamenepo m'nyumba zathu muli lamulo limodzi losasinthika: mbaula iothedwa pakhonde kapena chitseko chiri chotsegula, ndipo nthawi yogona itulutsidwa kunja, angakhale makala aoneke ngati azima. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda muli makala, tsegulani ponse, mumtulutsire kumphepo, ndipo muthamange naye ku chipatala angakhale atsitsimuke panjira.

Moto wa pamafuwa ulinso ndi milandu yache. Nyengo yachisanu ndiyo nyengo ya zilonda za moto, pakuti ana amakankhana pootha, ndipo wokwawa sadziwa phala lotentha. Zovala zopyapyala za nailoni zikagwira moto zimatirira pakhungu. Mwana asasiyidwe yekha pamoto, ndipo mbale wathu wodwala khunyu akhale patali pang'ono, pali munthu womyang'anira. Akagwera pamoto mumchotse msanga osaopa kanthu, pakuti khunyu silipatsirana pomkhudza munthu kapena malovu ache. Pamene papsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, mupite naye ku chipatala. Mazira, mafuta, dothi, ndowe ndi mankhwala otsukira mano musaikepo, chifukwa zilowetsa tizilombo m'chilonda.

Tinenenso za chifuwa cha ana. Kukazizira tonse tiunjikana m'nyumba imodzi ya utsi, ndipo chimfine cha mmodzi chifikira onse. Mwa ana aang'ono ndi okalamba chimfine chikhoza kutsikira m'mapapo ndi kusanduka chibayo. Mai aliyense aphunzire kuwerenga mpweya wa mwana wache pamene ali chete, poyang'ana wochi kapena foni kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 kufikira chaka chimodzi ka 50, ndi wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 ka 40, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche kawiri. Nyamukani tsiku lomwelo. Katemera woteteza ana ku chibayo anayamba kuperekedwa m'dziko la Malawi m'chaka cha 2011, ndipo gawo lina la kukonzekera chisanu ndilo kutsegula kabuku ka kusikelo ndi kuona ngati mwana analandira katemera wache yense. Khanda lobadwa m'miyezi iyi livekedwe chipewa, ligone pachifuwa pa mai wache khungu ndi khungu, ndipo lisambitsidwe dzuwa litakwera, m'madzi ofunda, pamalo opanda mphepo. Masikito nao asapindidwe. Udzudzu uchepa m'chisanu, koma sutha.

Nkhuni tisonkhanitsa chisanu chisanafike, pakuti nkhuni zaziwisi ndizo mai wa utsi. Tiziwaza ndi kuziunjika pansanja, pansi pa kadenga, kuti mame ndi mvula yowaza zisazinyowetse. Mitengo yatha m'mapiri athu, ndipo amai ayenda mtunda wautali kufuna mtolo umodzi. Chotero tisadze nthambi m'malo mogwetsa mtengo wonse, tisunge zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo amene angathe apeze mbaula ya dothi yotchedwa Chitetezo, imene idya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Khitchini likhale ndi potulukira utsi pamwamba pa khoma.

Tsopano titulukire pabwalo. Mphepo ya chisanu ichokera kumwera chakum'mawa, ndipo kumeneko ndiko tiyamba kumanga mpanda wa tsekera, kuti pakhale pokhala pabata pophikira ndi posambira ana. Udzu wofolera umwetedwa mu Juni ndi Julai, utakhwima koma moto wa osaka mbewa usanaudye. Amene azengereza adzagula udzu ndi ndalama mu Okutobala, kapena adzagona m'nyumba yodontha dzinja lonse. Mitolo tiiimika pansanja, kutali ndi khitchini ndi kumene chiswe sichifika. Ndipo tilambula kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi khola, chifukwa moto wa m'tchire ukakankhidwa ndi mphepo ya Ogasiti susankha mudzi.

Nkhokwe isanalandire chimanga chatsopano isesedwe, zinyalala zache zitenthedwe, ndipo chatsopano chisasakanizidwe ndi chakale. Makolo athu ankasunga chimanga ndi makoko ache chaka chonse, koma kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene nankafumbwe wamkulu analowa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania, nkhokwe yokha siikwanira, pakuti kachilombo aka kaboola ndi mitengo yomwe. Tsono tiumitsa chimanga bwino, titonola, ndi kuchisunga m'matumba osalowa mpweya kapena kuthira mankhwala monga alangizi anena. Pofuna kudziwa ngati chauma, ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chibwezereni padzuwa. Matumba akhale pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Amai afutse nkhwani ndi khwanya masamba akalipo, ndipo mbatata ikwiriridwe m'nkhuti ndi phulusa. Thupi la njala ndilo limva chisanu koposa.

Ziweto nazo zimva kuzizira monga ife. Khola la mbuzi litchingidwe mbali ya mphepo, ndowe zichotsedwe zikakhale manyowa pamodzi ndi mapesi, ndipo masangwi a mtedza asungidwe pouma kuti akhale chakudya chao msipu ukatha. Anapiye afa ndi chisanu usiku umodzi wokha. Agone m'dengu loyalamo udzu pamodzi ndi make. Ino ndiyonso nthawi yofunsa alangizi za katemera wa chitopa, uja adontheza m'diso, nthenda isanayambe kusesa makola m'chilimwe. Kudimba kumbukirani kuti mpweya wozizira ugona m'chigwa: kabichi, mpiru ndi anyezi zipirira, koma tomato, nyemba ndi kachewere zipserera ngati zawauka ndi moto. Nazale iphimbidwe ndi udzu madzulo ndi kuvundukulidwa dzuwa likatuluka.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndicho chachikulu. Pa mudzi uli wonse pali nyumba imene mwini wache sangathe kuponda dothi kapena kusenza mtolo: agogo amene ana ao ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, mai wamasiye, munthu wolumala, ana okhala okha. Thupi la nkhalamba silisunga kufunda monga la mnyamata, ndipo okalamba ambiri sadandaula, angopirira. Mutu umodzi susenza denga. Kwathu kuno mabanja amapangana tsiku limodzi mu Mei: anyamata amata makoma, atsikana azira ndi kutunga madzi, abambo akonza chitseko, ndipo aliyense abwera ndi nkhuni ziwiri kapena zitatu. Dzuwa lisanapendeke nchito yatha, ndipo palibe amene wasauka nayo. Pamene muwerenga magombeza a m'nyumba mwanu, muwerengenso a nyumba imeneyo. Ndipo m'mawa wozizira, mukaona kuti chitseko chache chachedwa kutseguka, pitani mukagogode.

Tsono, abale, musayembekeze kuti mano ayambe kuguguda. Sabata ino yang'anani makoma ndi chitseko. Sabata yamawa nkhuni ndi mpanda. Pambuyo pache udzu, nkhokwe ndi khola. Ndipo madzulo ano, pamene banja lasonkhana pa chakudya, auzeni ana onse, makamaka a m'gowelo, lamulo lija la mbaula.

Tsalani ndi mtendere, ndipo Mulungu asunge mabanja anu m'miyezi yozizira iri kudzayi.