Tsache langa ndi tinyongolotsi ta ku Citrusdal

Amayi anandilera ndi tsache m'manja. Kwathu ku Ntcheu, pansi pa mtengo wa mango pamayenera kuyera mbee, masamba onse n'kuwatentha. Nditapeza ganyu m'munda wa malalanje ku Citrusdal, kuno ku Joni, chizolowezicho ndinabwera nacho.

Mdani wathu wamkulu kuno ndi kagulugufe kotchedwa false codling moth. Mbozi yake imaboola lalanje, ikakhwima imagwera pansi n'kubisala m'dothi mpaka isanduke gulugufe. Malalanjewa amapita ku Ulaya, ndipo kumeneko akapezamo mbozi, katundu amakanidwa. Zikatero, oyamba kuuzidwa kuti ntchito yatha ndife aganyu.

Tsiku lina madzulo tinathira pansi pa mitengo tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, manematodi. Ndinadabwa, poti kumudzi manematodi timawadziwa ndi kutupitsa mizu ya fodya ndi tomato. Koma awa ndi ena, a mtundu wa Heterorhabditis bacteriophora. Amalowa m'thupi mwa mbozi n'kutulutsa mabakiteriya omwe amaipha m'masiku awiri. Amaswana mumtembomo, ana awo n'kutuluka kukasaka ina. Akakhala m'dothi sadya kanthu, amangodalira mafuta a m'thupi mwawo. Dzuwa limawapha, dothi likauma nawonso amatha.

Zimenezi ndinazimva mochedwa. M'mawa mwake ndinali nditasesa kale mzere wanga wonse, masamba ndi udzu wophimbira, ati ndioneke wakhama.

Patapita milungu ingapo, kapitawo wathu, bambo wachikulire wa ku Zomba, anatapa dothi mzere uliwonse m'timabigiri, n'kuikamo mphutsi zoyesera. Sabata itatha tinavundukula. Za m'mizere yophimbira zinali zitafa, zitafiira psuu, chizindikiro choti manematodi akadalimo. Za mzere wanga zinkangoyendayenda, zonenepa bwino.

"Achimwene," anatero osakweza mawu, "alonda aja mwawasasulira denga."

Usiku umenewo sindinagone, ndimawerengera za sukulu fizi ya mwana wanga. Mwamwayi sanandichotse. Tinabwezera zophimbira, tinathirira, n'kuthiranso manematodi ena.

Masiku ano ndimatola malalanje ogwa okha, chifukwa ndi momwe mumabisala mbozi. Masamba ndimawasiya, ndipo ndisanaweruke ndimapisa chala m'dothi kuti ndimve chinyontho.

Lamlungu lapitali ndinawafotokozera Amayi pafoni kuti masamba a mango aja asamatenthe, aziwasiya pansi pa mtengo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwanawe, ku Joniko wakaphunzirako uve?"