Thanki Yopanda Mafuta Ndiyo Imapha

Pakati pathu mabanja ambiri ali ndi munthu wa pamsewu. Kwa ena ndi bambo a m'nyumba, kwa ena ndi mlamu, kwa ena ndi mwana amene wangotenga kumene laisensi ya Code 14. Mlungu ndi mlungu amakoka katundu kuchokera ku Durban pa N3, kapena kukwera N1 mpaka ku Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda ndi Tete, nakalowera kwathu pa Mwanza. Ine ndimakonza mathiraki muno mu Johannesburg, ndipo pali vuto limodzi limene ndimafuna banja lonse lilidziwe: thanki ya dizilo ikayamba kudontha.

Mathiraki ambiri aulendo wautali ali ndi mathanki awiri, ina mbali iyi, ina mbali inayo, ndipo paipi imawalumikiza kuti mafuta azitsika mofanana. Nthawi zambiri bowo limayambira pamalo obisika, pansi pa lamba wachitsulo amene amamanga thanki. Labala wa pansi pa lambayo akatha, mchenga ndi madzi zimalowa, ndipo pamsewu wa mabampu zimapala aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka kuboola. Pena pamang'ambika pamsoko pamene anawotcherera, pena ndi nati yokhutulira mafuta yakhwefuka.

Choyamba ndi kupatula thanki yodonthayo. Imani pabwino, zimitsani injini, ikani zizindikiro zochenjeza. Tsekani valavu ya paipi yolumikiza, chifukwa mukaisiya, thanki yabwino idzapitiriza kuthira mafuta ake mu inzake yobooka mpaka zonse ziwiri zitauma. Kenako kumbukirani chimene ambiri amaiwala: injini ya dizilo sitentha mafuta onse amene yakoka, otsala imawabweza ku thanki kudzera pa paipi ina. Onetsetsani kuti paipi yokoka ndi yobwezayo zonse zikugwira ntchito ndi thanki yabwino, ndipo yobwezayo musangoitseka osaipatsa njira. Mafuta otsala mu thanki yobooka apopereni mu inzake kapena m'zigubu. Amene atayika pansi akwirireni ndi mchenga. Dizilo pa phula amaterera, ndipo wa njinga yamoto amene akubwera m'mbuyo mwanu ali nalonso banja lomudikira.

Tsiku lina Lachisanu masana, mbale wina anandiimbira foni atangodutsa Polokwane. Mtima wake unali pawiri: abwana adzamudula malipiro chifukwa cha mafuta otayika, komanso ankafuna dzuwa likamalowa akhale ali pakhomo. Pafupi panali mnyamata wa makina owotcherera amene analonjeza kumaliza mu theka la ola, bola akhutule kaye thanki. Ndinamuuza kuti, “Achimwene, mnyamatayo mumuthokoze, koma moto usayandikire thankiyo.”

Chifukwa chake ndi ichi. Dizilo sachedwa kutinamiza popeza sayaka msanga ngati petulo. Amafunika afunde kupitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yogwira moto. Koma aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Thanki imene mwakhutula imakhalabe ndi mafuta omata m'makoma ndi m'zipinda zamkati zoletsa mafuta kukhavukira. Moto wa wowotcherera ukafika, mafutawo amasanduka nthunzi, nthunziyo imasakanikirana ndi mpweya umene wadzaza m'malo mwa dizilo, ndipo thanki imaphulika pamaso pa munthu amene wawerama pomwepo. Kuitsuka ndi madzi a m'ndowa sikukwanira.

Zapamsewu zikhale zongofikitsa. Pukutani pobookapo, palani ndi sandipepala, matani ndi phala louma msanga la mtundu wa Pratley, ndipo muyende ndi thanki imodzi, mukuthira mafuta pafupipafupi. Mbale uja anachita zomwezo, nafika kwawo ana asanayambe kuyang'ana kumsewu.

Kukonza kwenikweni ndi kwa ku galaja. Thanki timaitsitsa, kuitsuka ndi nthunzi yotentha, kuyeza ndi kachipangizo ngati mulibenso mpweya woyaka, n'kuidzaza ndi mpweya wosayaka monga argon tisanayatse makina. Tikamaliza timaipopa mpweya pang'ono chabe ndi kupaka thovu la sopo pamsoko. Pakatuluka tithovu, ntchito sinathe. Labala wa pansi pa malamba timaika watsopano. Thanki imene yadyeka malo ambiri sitilimbana nayo, timagula ina.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Malita otayika abwana adzadandaula mwezi umodzi, koma manja ndi maso a munthu sagulitsa ku sitolo ya masipeya. Choncho amayi, ndi inu ana, bambo akafika pakhomo mlungu uno, akatha kusamba ndi kudya, afunseni kuti, “Kodi valavu yotsekera thanki pa thiraki yanu ili pati?” Akayamba kukanda m'mutu, auzeni akaifufuze asananyamuke ulendo wotsatira.