Mamilimita awiri a pa Khwekhwerere

Ndimaphunzitsa Physics pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza. Nditagula Honda Fit yakale ndi ndalama yangongole, mabuleki akayamba kulira ndinkangosinthitsa mapadi. Za disiki, chitsulo chozungulira chomwe mapadiwo amapana kuti tayala liime, sindinkaziganizira n'komwe.

Tsiku lina tikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, amayi ali pambali panga, mwana wanga kumbuyo, chiwongolero chidayamba kunjenjemera ndikaponda buleki. Posakhalitsa kudamveka fungo lopserera, galimoto n'kumachedwa kumvera phazi. Ndidaika giya yaing'ono mpaka kukaima pambali, thukuta lili kamukamu. Amayi adangoti, "Mwanawe, titsike tiyende wapansi."

Mabuleki atazizira tidatsika pang'onopang'ono. Makaniko wina pa Golomoti adachotsa tayala lakutsogolo, n'kupala dzimbiri m'mphepete mwa disiki. "Aphunzitsi, tawerengani apa." Padalembedwa kuti MIN TH 19 mm, kutanthauza kuti disikiyo ikapyapyala kuposa mamilimita 19, ntchito yake yatha. Yatsopano imakhala mamilimita 21. Kusiyana kwake n'kunenepa kwa kamtengo ka machesi basi.

Adatenga micrometer, chipangizo chomwechija ndimaphunzitsira ana kuyeza waya m'kalasi. Adayeza malo angapo mkati momwe mapadi amakhula, osati m'mphepete, poti m'menemo mumatsala mlomo wokhuthala wonamiza. Yanga idapezeka itatsika kufika pa 18. Manyazi adandigwira.

Chifukwa chake ndimachiphunzitsa ndekha. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo disiki ndiyo imalandira kutenthako. Chitsulo chikachepa chimatentha msanga, mapadi amasiya kugwira bwino, ndipo chikhoza kung'aluka. Pamsewu wosalala simungadziwe. Mtsetse wautali ndiwo umaulula.

Ndidafunsa zoti angoisema pamakina, poti n'zotchipa. Adakana: kusema kumadya chitsulo chomwe chachepa kalecho. Ndidagula madisiki awiri, kumanzere ndi kumanja, ndi mapadi atsopano. Mwezi umenewo ndiwo zidali bonya ndi mpiru.

Anzanga a magalimoto ang'onoang'ono, nambalayi imasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, choncho musatengere 19 wanga. Werengani yomwe yalembedwa pa disiki yanu kapena m'buku la galimotoyo. Posintha mapadi, auzeni amakaniko ayeze disiki inu mukuona.

Amayi mpaka lero akamakwera amayamba afunsa: "Chitsulo chija mwayeza?"