Nkhalango ya Ntchisi, Yofiira Mukaionera Kumwamba

Mukakhota pa Mponela kulowera ku Ntchisi m'mwezi wa Seputembala, dziko lonse limakhala mbuu. Minda yakololedwa, mbuzi zikutola mapesi, fumbi lili koboo. Koma patali phiri la Ntchisi limaoneka lakuda ndi mitengo. Kale Achewa ankabisala m'nkhalango imeneyi pothawa nkhondo za Angoni, ndipo boma linaiteteza mu 1924.

Dera lomweli limajambulidwanso kuchokera kumwamba. Masetilaiti a Landsat anayamba kujambula dziko mu 1972, ndipo a Sentinel-2 anayamba mu 2015. Makamera ake amaona kuwala kotchedwa infrared, komwe diso la munthu silikuona. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira kuti lipange chakudya, koma infrared limakubweza kwambiri. Pofuna kuti ifenso tikuone, akatswiri amapatsa kuwalako mtundu wobwereka, kawirikawiri wofiira. Choncho pachithunzi chotero, kufiira ndiye moyo.

Pamwamba pa phiri la Ntchisi, pomwe mitengo siyoyola masamba, pamafiira kuti psuu ngakhale m'chilimwe. M'munsi mwake, m'nkhalango ya miombo, kufiirako kumazilala masamba akagwa, n'kubwerera mitengo ikaphukira. Kupitirira malire a nkhalango, minda youma imaoneka yotuwa. Madimba a m'madambo a ku Dowa amaoneka ngati timizere tofiira, pomwe malo otenthedwa posaka mbewa amasiya zipsera zakuda. Madzi akuya nawo amada bii.

Mukaika pamodzi zithunzi za zaka zosiyana, zojambulidwa mwezi umodzimodzi, mumaona pomwe nkhwangwa yadutsa. Mitengo ya zigafa za fodya, nkhuni, makala ndi minda yokwera m'mapiri zonse zimadya kufiira kuja. Nkhaniyi imafika mpaka pamtsuko wa kunyumba: phiri likakhala lambee, mvula imathamanga osalowa pansi, akasupe amaphwa msanga, ndipo amayi amakatunga kutali, mwinanso madzi oipa otsegula ana m'mimba.

Mukapita kukaona nkhalangoyi, tengani nsapato zolimba ndi juzi, chifukwa pamwamba pamazizira, ndipo pezani wokuperekezani wa m'midzi yapafupi. Mvetserani mbalame ndi apusi, gwirani madzi ozizira a m'timitsinje. Pobwerera, yang'anani chitunda cha kwanu. Mbaula yosatha nkhuni, mtengo wodzalidwa mvula ikayamba, ndi chitsa chosiyidwa kuti chiphukire, ndi zimene zingachifiiritsenso.