Njala ya Injini pa Makona a Khwekhwerere

Ife amakaniko a pa Golomoti, amene ntchito yathu timaigwirira pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Salima kunka ku Balaka, tidziwa nthenda ina ya galimoto imene anzathu okhala m'misewu yowongoka saidziwa kwenikweni, pakuti imaonekera pa Khwekhwerere, msewu umene ukwera mokhotakhota kuchoka kuno kukakumana ndi wa M1 pa Masasa. Mwini galimoto afika nkhope ili yakugwa, nanena kuti poyenda pathyathyathya injini ilira bwino lomwe, koma ikangolowa pa kona yaitali ya pachitunda itsamwa, idukiza, nichita ngati izima, kenaka nitsitsimuka yokha msewu ukawongoka. Ambiri amadza atagula kale mapulagi atsopano, ena atayamba kukayikira abale awo akumudzi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndisanagwire sipanala ndimayamba ndafunsa kuti geji ya mafuta inaloza pati.

Petulo m'thanki sakhala bata. Monga madzi a m'beseni limene mayi wasenza amakhuthukira mbali imodzi iye akapotoloka msanga, momwemonso galimoto ikakhotera kudzanja lamanja petulo athawira kumanzere, pachitunda nabwerera kumbuyo, ndipo ngati ali wochepa, kamwa la pampu litsala pouma nilimeza mpweya. Galimoto zakale za kabuleta zinali ndi kambale kosungira petulo pafupi ndi injini, kotero kuti zinkatha kupirira kamphindi. Koma za masiku ano za mainjekita zifuna petulo wokankhidwa kosalekeza ndi mphamvu ya 3 bar kapena kuposerapo, ndipo mphamvuyo ikangogwa, injini imva njala nthawi yomweyo.

Opanga galimoto adadziwa zimenezi, ndicho chifukwa chake pampu adaikhazika m'kachitini kake m'kati mwa thanki, kamene kamakhala kodzaza ngakhale petulo wina yense athawire pambali. A mipikisano ya galimoto kunja amapitirira apo: amamanga zipupa m'thankimo, naonjezera kathanki kachiwiri kakang'ono, kakatali choimirira, komwe sikauma pa kona iliyonse. Zina za Subaru zokoka ndi mateyala onse anayi zili ndi thanki ya zipinda ziwiri yotang'adza shafiti, ndipo kachipangizo kosamutsa petulo kuchoka chipinda china kakatsekeka, galimoto imafa ndi njala chakudya chili m'chipinda chinacho.

Ndikatsegula pansi pa mpando wakumbuyo ndi kuzula pampu, kawirikawiri ndipeza kachitini kaja katang'ambika, kapena katachotsedwa ndi munthu amene adakakamizamo pampu ya galimoto ya mtundu wina, kapenanso sefa itatsekeka ndi dzimbiri. Dzimbiri limeneli lili ndi mbiri yake. Petulo wa dziko lino wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe chiyambire 1982, pamene adayamba kumupanga ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki yachitsulo yokhala masiku ambiri yopanda kanthu imachita thukuta m'kati. Pamwamba pa izi padadza petulo wa m'zigubu wa m'zaka za kusowa kwa mafuta, 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, wodza ndi mchenga ndi madzi omwe.

Sindiwaweruza anyamata oyendetsa ma Sienta amene amathira malita awiri atatu monga momwe ndalama ya okwera yalowera, pakuti ndidziwa kuuma kwa nyengo ino. Komabe ndiyenera kunena choona, kuti pampu imazizira ndi petulo yemweyo amene iyo ikoka, ndipo youma imapsa msanga, mtengo wake nuposa wa malita amene munthu adaumira. Choopsa koposa n'chakuti injini ikazima pakati pa kona ya pachitunda, mabuleki amalimba mukangowaponda kawiri katatu, m'galimoto zambiri chiwongolero chimalemeranso, pamene kumbali kuli phompho ndipo m'galimotomo muli ana a eni.

Chotero, inu achimwene amene mukwera phirili tsiku ndi tsiku, musayambe chitunda geji ili pansi pa kota, ndipo galimoto ikatsamwa kamodzi kokha pa kona, bwerani nayo tiione pampu ndi sefa yake musanakwezenso munthu wina.