Kaundula wa Amalume

Kwathu ku Mua, galimoto iliyonse ya asilikali yokutidwa ndi chitsulo timangoti kasinja. Ikhale yaing'ono, ikhale ya mfuti yaitali ngati mtanda wa denga, dzina ndi lomwelo. Mdipiti wa asilikali ukamadutsa mumsewu wochokera ku Salima kulowera ku Golomoti, ana tinkathamanga tikukuwa kuti akasinja abwera, amayi akutikalipira m'mbuyo.

Amene ananditsegula m'maso ndi amalume anga, omwe anali atapuma usilikali. Tsiku lina mu 1997 anandipeza pakhonde ndikujambula m'kope la kusukulu.

"Chimenechi n'chiyani, mphwanga?"

"Ndi kasinja, amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kasinja weniweni amayenda pa matcheni ngati katapila. Ichi chili ndi matayala. Mbuzi ndi nkhosa zonse n'ziweto, koma wogula safunsa mtengo wa chiweto."

Madzulo omwewo tinang'amba masamba a samu, kope lija n'kusanduka kaundula. Anandiphunzitsa kufunsa mafunso anayi ndikaona galimoto yankhondo: imayenda pa chiyani, yanyamula mfuti yotani, mumakwera anthu angati, ndipo ntchito yake ndi yotani.

Tsamba loyamba linali la Ferret, kagalimoto ka kampani ya Daimler ya ku Britain, komwe kanapangidwa kuyambira 1952 mpaka 1971. Ntchito yake ndi kuzonda, kukaona mdani n'kubwerera msanga. Lachiwiri linali la Fox, ya ku Britain komweko, ya anthu atatu, injini ya Jaguar ndi mfuti ya mamilimita 30. Amalume anati ndilembe m'munsi kuti Fox ndi yolemera kumutu, dalaivala wopupuluma pokhota imamugubuduza. Lachitatu linali la Eland ya ku South Africa, yotengera Panhard ya ku France, thupi laling'ono koma mfuti ya mamilimita 90. Pamwamba pa tsamba lachinayi tinalemba kuti "Akasinja enieni". Pansi pake sitinalembe kanthu, pakuti amalume anati zaka zonse zomwe anavala yunifolomu sanamuonepo m'gulu lawo.

Nthawi imeneyo ndinkangoona ngati masewero. Ndazindikira nditakula kuti kaundula amanena mbiri ya dziko. Ferret ndi Fox zikukumbutsa kuti gulu lathu lankhondo linabadwa kuchokera ku King's African Rifles ya Angerezi. Tsamba lopanda kanthu lija likunena za dziko losauka, lomwe linkafuna galimoto zolondera malire ndi kuperekeza katundu, osati zokagumula mizinda ya eni. Ndipo Casspir, yomwe ndinadzawonjezera ndekha patapita zaka, ili ndi mimba yosongoka kunsi kuti bomba lokwirira likaphulika mphamvu yake ipatukire m'mbali. Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka amalume, omwe anali m'gulu la asilikali otumizidwa ku Mozambique mu 1987 kukateteza njanji ya ku Nacala. Ankati chomwe ankaopa kwambiri kumeneko si mfuti ayi, koma dothi lomwe ankapondapo.

Amayi kope lija sankalifuna m'nyumba. Iwo anakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene kufunsa za asilikali kapena za apayoniya kunali kudziputira tsoka. Ngakhale asilikali anali atalanda zida apayoniyawo mu Disembala 1993, mantha sanachoke m'mitima ya anthu. Kope linkagona m'thumba la jekete la amalume.

Chondipweteka n'chakuti pamtunda pomwepa, ku mishoni ya Mua, anthu anationetsa kale ubwino wa kaundula. Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi phunziro lake. Mlendo sanganene kuti zonse n'zilombo basi. Amauzidwa kuti uyu ndi Chadzunda, uyu ndi Maliya, uyo ndi Kasiyamaliro. Koma zitsulo zomwe ana a dziko lino anakweramo, ena n'kusabwerera, tikungoziwunjika m'dzina limodzi.

Amalume anatisiya mu 2006. Pokonza katundu wawo tinapeza kope lija, chikuto chitadyedwa ndi njenjete. Kumapeto kwake anali atalembamo okha mayina asanu ndi awiri, opanda mitundu ya mfuti kapena injini. Anali mayina a anzawo. Pambali pa dzina lililonse anasiya mpata, mwina woti adzalembepo galimoto yomwe munthuyo ankayendetsa, mwina malo omwe anathera. Sindinawafunse ali moyo, ndipo wondiuza palibenso.

Kope ndikulisungabe. Mwana wanga akaona asilikali pa wailesi yakanema n'kufuula kuti kasinja, ndimamuitana n'kumufunsa mafunso anayi aja. Ndawonjezerapo lachisanu: anakweramo ndani?